Kodi khansa imayang'ana msinkhu? Funso la ku Ulaya likafika ku Chintheche

Tsiku la sikelo pa chipatala cha Chintheche limayamba dzuwa lisanakwere. Amayi amafika ana ali kumsana, ena atatsika kuchokera kumapiri, ena kuchokera kudooko kumene amuna awo angokocheza kumene ndi usipa wa usiku. Mlangizi wa zaumoyo amapachika mwana pa sikelo, kenako n'kumugoneka pa thabwa loyezera msinkhu, wina atagwira mutu, wina akuwongola timawondo. Mwana amalira ngati waona chilombo. Nambala ikalembedwa m'kabuku, mayi amayang'ana nkhope ya mlangiziyo kuti aone ngati zili bwino, ndipo akauzidwa kuti mwana watalikirako mwezi uno, amabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Kuno kutalika ndi ulemu. Mnyamata akapitirira bambo ake msinkhu, agogo amayamba kuwerenga mibadwo kuti apeze amene watengera. Pa bwalo la malipenga, maso a owonerera amayamba agwera pa mnyamata wamtali wovala zoyera mbee asanaone anzake. Wamfupi ndiye amakulira m'maina achipongwe, kuyambira ku pulayimale mpaka ku ukwati wake womwe.

Ndiye tangoganizani mmene imamvekera nkhani yakuti anthu aatali amadwala khansa kuposa aafupi. Ine ndine mmodzi mwa aja amene mawondo awo amagunda mpando wakutsogolo mu minibasi yochokera ku Mzuzu, choncho nditaimva koyamba ndinaseka, n'kuganiza kuti aafupi apeza pobwezera. Koma nditaifufuza ndinapeza kuti si nthabwala. Ndi zoona, ndipo umboni wake ndi wochuluka. Chimene chimafunika kuchiona bwino ndi kukula kwa chiopsezocho, komanso ngati chikukhudza khansa zimene zikutipha ife a m'mbali mwa nyanja.

Zimene anapeza atawerenga anthu mamiliyoni

Kafukufuku amene anachititsa kuti dziko litchere khutu anatuluka mu 2011 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet Oncology. Akatswiri a ku yunivesite ya Oxford, motsogozedwa ndi Jane Green, anatsatira amayi pafupifupi 1.3 miliyoni a ku Britain kwa zaka pafupifupi 9. M'zaka zimenezo, amayi oposa 97,000 anapezeka ndi khansa. Atawaika m'magulu malinga ndi msinkhu, anaona kuti pa masentimita 10 alionse amene mayi watalikirapo, chiopsezo chimakwera ndi 16 peresenti. Sizinali khansa ya mtundu umodzi ayi. Munali ya m'mawere, ya m'matumbo, ya impso, ya m'magazi, ya m'kati mwa chiberekero, ya thumba la mazira ndi khansa ina yoopsa ya pakhungu yotchedwa melanoma.

Mu 2015, a ku Karolinska Institutet ku Sweden anabwera ndi chiwerengero chachikulu kuposa pamenepo: anthu 5.5 miliyoni obadwa pakati pa 1938 ndi 1991. Kwa amayi anapeza 18 peresenti pa masentimita 10 alionse, kwa abambo 11 peresenti. Kenako mu 2018 Leonard Nunney wa ku University of California, Riverside anaphatikiza akafukufuku akuluakulu angapo n'kupeza kuti tikangonena mwachidule, ndi 10 peresenti pa masentimita 10 alionse.

Manambala a peresenti amaopseza akamveka pa wailesi, choncho tiyeni tiwatsitse pansi. Tiyerekeze kuti tasonkhanitsa anthu 100 a msinkhu wa masentimita 160, ndipo mwa iwo 10 adzadwala khansa pa moyo wawo. Tikasonkhanitsa ena 100 a masentimita 170, odwala adzakhala 11. Kusiyana kwake ndi munthu mmodzi. Pamene wosuta fodya, chiopsezo chake cha khansa ya m'mapapo chimaposa cha wosasuta maulendo 15 mpaka 30. Bambo wamfupi wa ndudu pakamwa sangaloze chala mnzake wamtali wosasuta.

Nanga n'chifukwa chiyani msinkhu uli ndi mbali? Msodzi aliyense wa ku Kande angamvetse msanga kuposa ife a m'maofesi. Chilimira chachikulu chili ndi maso ambiri kuposa kaukonde kakang'ono, ndipo pokhala ndi maso ambiri, malo ong'ambika amachulukanso. Thupi la munthu wamkulu lili ndi maselo oposa 30 thiliyoni. Tsiku lililonse ambiri mwa iwo amafa, ena n'kugawikana kuti alowe m'malo mwake, ndipo selo likamagawikana limakopera malangizo onse a chibadwa amene lili nawo. Pokopera pamakhala kuphonya mwa apo ndi apo. Zophonya zambiri thupi limazikonza lokha, koma zikaunjikana m'selo limodzi, selolo limayamba kuchulukana osamvera lamulo. Imeneyo ndiyo khansa. Munthu wamtali ali ndi maselo ambiri, kotero mipata yophonyera ndi yambirinso. Nunney anasonyeza kuti kuchuluka kwa maselo kokhako kukukwanira kufotokoza mbali yaikulu ya kusiyanaku.

Chifukwa china chili m'magazi. Muli homoni yotchedwa IGF-1 imene imauza mafupa a mwana kuti atalike. Homoni yomweyo imalimbikitsa maselo kugawikana ndipo imachedwetsa kufa kwa maselo owonongeka. Kum'mwera kwa dziko la Ecuador kuli mabanja a anthu obadwa ndi vuto lotchedwa Laron syndrome, limene limachititsa kuti homoniyi ikhale yochepa kwambiri m'thupi, moti munthu wamkulu amatha kukhala ndi msinkhu wa mwana wa ku pulayimale. Dokotala wa komweko, Jaime Guevara-Aguirre, anatsatira anthu 99 oterewa kwa zaka 22. Lipoti limene analemba ndi Valter Longo mu 2011 linati mmodzi yekha ndiye anapezeka ndi khansa, ndipo sinamuphe. Matenda a shuga sanapezeke ndi mmodzi yemwe. Komabe sikuti anthuwa amakhala moyo wautali kuposa abale awo. Ambiri amafa ndi ngozi komanso mowa.

Wina afunsa kuti, ngati kukula thupi ndiko vuto, bwanji njovu sizinathe ndi khansa? Mukatsika ndi msewu wa M5 kupita kum'mwera mufika ku nkhalango ya Nkhotakota, kumene mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Njovu imodzi imalemera kuposa anthu makumi angapo, imakhala zaka 60 kapena kuposa, koma khansa siipeza kawirikawiri. Funso limeneli analidzutsa Richard Peto wa ku Oxford m'zaka za m'ma 1970, ndipo mbali ya yankho inapezeka mu 2015. Munthu ali ndi kope imodzi ya malangizo otchedwa TP53, amene ntchito yake ndi kulondera selo ndi kulipha likawonongeka. Njovu ili ndi makope 20. Ukonde wake ndi waukulu, inde, koma osoka nawonso ndi ambiri. Munthu wamtali ndi wamfupi ali ndi wosoka mmodzimmodzi, n'chifukwa chake pakati pa anthu okhaokha kukula kumaonekera. N'chimodzimodzi ndi agalu: mitundu ikuluikulu imadwala khansa ya m'mafupa kuposa tiagalu tating'ono.

Ife ndife aafupi, koma tisaombe m'manja

Mu 2016 kunatuluka kafukufuku wa msinkhu wa anthu m'maiko 200, woyerekeza obadwa mu 1896 ndi obadwa mu 1996. Amuna aatali kwambiri anapezeka ku Netherlands, pafupifupi masentimita 183. Amayi a ku South Korea anatalikirapo masentimita 20 m'zaka 100 zokha. Amuna a ku Malawi anali m'gulu la maiko khumi a amuna aafupi kwambiri padziko lonse, pa masentimita pafupifupi 162.

Wina angawerenge zimenezi n'kunena kuti basi ife tapulumuka. Apa m'pamene nkhani ya ku Ulaya imasocheretsa ikafika kwathu isanasefedwe.

Msinkhu umachokera kumtundu, palibe wotsutsa. Koma mtundu umangoika malire, ndipo kuti mwana afike pa malirewo zimadalira zimene wadya ndi matenda amene wadwala, makamaka m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Anthu a ku Netherlands omwewo, zaka 150 zapitazo sanali aatali chonchi. Mtundu wawo sunasinthe. Chinasintha ndi mkaka, madzi abwino ndi chipatala. Kufupika kwa Amalawi ambiri si kwa chibadwa, ndi kupinimbira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mu 2010 anali 47.

Zimawawa kunena zimenezi uli pagombe la nyanja yodzaza nsomba. Chakudya cha kuno ndi kondowole, ndipo ndani angachinyoze? Chinangwa chapulumutsa Nkhata Bay m'zaka zimene chimanga chinakana kwina konse. Chimakhutitsa, chimapirira chilala, chimadikira m'munda mpaka utachifuna. Koma zomanga thupi mulibe zokwanira. Kondowole amafuna mnzake, ndipo mnzakeyo ndi usipa, utaka kapena batala. Usipa wouma, wodyedwa ndi mutu ndi minga yomwe, ndi chakudya chamtengo wapatali kwa mwana amene mafupa ake akukula. Tsoka lake n'lakuti ndi wamtengo wapatali ku msikanso. Umachoka pa thandala n'kulowa m'thumba, thumba n'kukwera lole ya ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ndipo mwana wa msodzi amatsala ndi phala la ufa woyera ndi chigwada. Onjezerani malungo obwerezabwereza, njoka za m'mimba ndi kutsekula m'mimba, mupeza chifukwa chake thabwa la kusikelo limakhumudwitsa amayi ambiri.

Mtengo wa kupinimbira ndi wodziwika, ndipo suyerekezeka ndi munthu mmodzi uja woonjezera pa 100. Mwana wopinimbira amafa msanga akadwala chibayo kapena kutsekula m'mimba. Kusukulu amavutika kugwira. Mtsikana wopinimbira akakula amakhala ndi chiuno chopapatiza, ndipo pobereka mwana amatha kukakamira panjira, zimene kwa mayi wa ku Usisya, kumene msewu ndi wovuta ndipo nthawi zina nyanja ndiyo njira, zingatanthauze fistula kapena imfa. Kafukufuku wa mtengo wa njala amene boma linachita ndi mabungwe a United Nations anapeza kuti mu 2012 dziko lino linataya K147 biliyoni, kapena kuti 10.3 peresenti ya chuma chake cha pachaka, chifukwa cha kunyentchera kwa ana. Ngakhale ku Ulaya komweko kufupika kuli ndi ngongole yake. Akatswiri a ku yunivesite ya Leicester anapeza mu 2015 kuti pa masentimita 6.5 alionse amene munthu wafupikirapo, chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chimakwera ndi 13.5 peresenti.

Palinso chuku. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa zisanaume bwino zimamera nkhungu imene imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Ku Benin ndi ku Togo anapeza kuti ana amene anali ndi poizoniyu wambiri m'magazi ndiwo analinso opinimbira kwambiri. Poizoni yemweyo ndi wodziwika kuti amayambitsa khansa ya m'chiwindi. Apa kufupika ndi khansa zikutuluka m'nkhokwe imodzi.

Khansa za m'mbali mwa nyanja

Mfundo imene inandigwira mtima kwambiri mu ntchito ya Nunney ndi mndandanda wa khansa zimene sizinasonyeze kutsatira msinkhu. Mwa izo munali ya khomo la chiberekero ndi ya kum'mero. Kwa wowerenga wa ku London amenewo ndi mawu apambali. Kwa ife ndiye nkhani yeniyeni, chifukwa khansa ziwirizi, pamodzi ndi Kaposi sarcoma, ndizo zimadzaza mawodi athu.

Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse. Chiwerengero cha 2020 cha bungwe loona za khansa la World Health Organization chinasonyeza amayi oposa 4,000 opezeka nayo pachaka ndi pafupifupi 3,000 omwalira, zimene zinaika dziko lathu m'gulu la maiko a pamwamba penipeni padziko lonse. Imayamba ndi kachilombo ka HPV kamene kamafala pogonana, ndipo mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chake chimakwera kasanu ndi kamodzi. Kachilomboka sikafunsa ngati mayi amafikira chinthu pamwamba pa kabati. Chomvetsa chisoni n'chakuti iyi ndi khansa yopeweka. Katemera wake anayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013, ndipo mu Januwale 2019 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Kuyezetsa kwake n'kwa mphindi zochepa: namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, malo oyamba kudwala amayera, ndipo m'zipatala zambiri amathana nawo tsiku lomwelo. Koma amayi ambiri amafika atayamba kale kutaya magazi ndi kutuluka zonunkha, atazungulira kwa asing'anga miyezi ingapo, poti zinthu zakumaso sizikambidwa wamba.

Ya kum'mero imabwera mwakachetechete. Bambo amayamba kudandaula kuti mbamu ikuima pakhosi. Amasiya kondowole n'kuyamba phala, kenako phala lomwe limakana, mpaka madzi. Pofika apo abale amakhala atapeza kale womuganizira kuti anamudyetsa. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ofufuza akuloza zinthu zimene tonse timazidziwa: kachasu, fodya, utsi wa nkhuni, ndi chizolowezi chomwa tiyi kapena phala likadali lowotcha lilime. Mu 2016 bungwe lija loona za khansa linaika zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa. Ndikaona mbaula za Changu Changu Moto zimene bungwe la Ripple Africa lafalitsa m'midzi ya kuno kuchokera ku Mwaya, ndimaganiza kuti amene anazibweretsa ankafuna kupulumutsa mitengo, koma mayi amene wasiya kupuma utsi wa mafuwa atatu wapindulanso china.

Nyanja yomwe imatidyetsa ilinso ndi yake. Likodzo limachokera ku tinyongolotsi timene timakulira mu nkhono za m'madzi osaya, n'kulowa pakhungu la mwana amene akusambira kapena mayi amene akuchapa. Mazira ake amakakamira m'khoma la chikhodzodzo, ndipo zilonda za zaka zambiri zimatha kusanduka khansa ya m'chikhodzodzo munthu atakula. M'madera ena mnyamata akakodza magazi akuluakulu ankati wakula. Mankhwala ake, praziquantel, amagawidwa m'masukulu, ndipo mwana amene wathawa tsiku logawa chifukwa anzake amuopseza kuti amachititsa chizungulire amakhala wasiya mpata waukulu kuposa umene masentimita 10 angamupatse.

Ndipo pali khansa ina imene mbiri yake inadutsa m'dziko muno. Mu 1958, dokotala wina wa ku Ireland wogwira ntchito ku Uganda, Denis Burkitt, anafotokoza za chotupa chimene chinkatupitsa nsagwada za ana mofulumira modabwitsa. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto makilomita pafupifupi 16,000, kuyendera zipatala zoposa 50 kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Nyasaland. Anapeza kuti chotupachi chimakonda malo otsika, otentha ndi amvula, monga m'mbali mwa nyanja ino ndi kuchigwa cha Shire, koma kumapiri ozizira sichipezeka kwenikweni. Mapu ake anafanana ndi mapu a malungo. Lero tikudziwa kuti malungo obwerezabwereza akakumana ndi kachilombo ka Epstein-Barr m'thupi la mwana, khansa imeneyi imapeza khomo. Malungo omwewo ndi amene anadzaza manda a amishonale ku Old Bandawe, kufupi ndi Chintheche, Robert Laws atasamutsira mishoni kumeneko mu 1881, mpaka likulu lake linakwera phiri kupita ku Khondowe mu 1894. Amishonale anathawira kumtunda, koma ana a kunyanja anatsala pomwepo. Chotonthoza n'chakuti khansa ya Burkitt imamva mankhwala msanga mwana akafika nthawi yabwino, ndipo madokotala a ana pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuphatikizapo Elizabeth Molyneux, anathera zaka zambiri akukonza njira zoichizira zimene dziko losauka lingakwanitse.

Walira mvula walira matope

Sindikunena kuti kafukufuku wa msinkhu alibe nafe ntchito. Ali nayo, koma ntchito yake ndi ya mawa. Ngati kupinimbira kupitiriza kutsika monga kunachitira pakati pa 2010 ndi 2016, ana amene akugonekedwa pa thabwa lero adzatiposa msinkhu, ndipo tidzakondwera. Mtsikana wodya bwino amatalika, amathanso msinkhu msanga, ndipo akapita patali ndi sukulu amachedwa kubereka n'kukhala ndi ana ochepa. Zonsezi ndi zabwino zimene takhala tikuzilirira, koma chilichonse mwa izo chimakankhira m'mwamba pang'ono chiopsezo cha khansa ya m'mawere. Maiko amene anatalika msanga anaona khansa ya m'mawere ndi ya m'matumbo zikukwera pamene chuma chinkakwera. Palibe kholo lanzeru limene lingamane mwana usipa poopa zimenezo. Amene ayenera kuwerenga manambalawa ndi okonza mapulani ku Capital Hill, chifukwa akuwauza mtundu wa odwala amene adzagogoda pa zipatala zaka 30 zikubwerazi, khansa zakale zija zisanachoke.

Ndipo zipatalazo zili kutali. Mayi wa ku Kande akamva kabulu m'bere amayambira pa chipatala chaching'ono, n'kutumizidwa ku Chintheche, kenako ku chipatala cha boma ku Nkhata Bay, kenako kukwera phiri kudzera ku Mpamba mpaka ku Mzuzu Central. Kachidutswa ka chotupa kakadulidwa, zotsatira amazidikira. Kwa zaka zambiri, wodwala wofunika kuwotcha chotupa ndi makina ankayenera kutuluka m'dziko, kupita ku Zambia, ku Tanzania kapena ku India, ndipo ochepa okha ndiwo ankafika. Tsopano kuli National Cancer Centre pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, koma kuchokera ku Chintheche ndi ulendo wa tsiku, wofuna thiransipoti ya anthu awiri, wodwala ndi womudikirira, ndi wina wotsala kumudzi woti aziviika chinangwa ndi kuyang'anira ana.

Madokotala sayeza munthu khansa chifukwa choti ndi wamtali, ndipo palibe dziko limene limatero. Amafunsa zaka, amafunsa ngati mayi kapena mchemwali wake anadwalapo, amafunsa za HIV, fodya ndi mowa. Ine wa mawondo ogunda mpando, nditamaliza kuwerenga zonsezi, ndinakafunsa mlongo wanga ngati mwana wake wamkazi wa sitandade 4 analandira katemera wa HPV kusukulu. Anati tsiku limenelo mwanayo sanapite, anamutuma kukaanika makaka.